Za Nkhuku Zagalasi Zopanda Dzina

M'nyumba zambiri za ku Kawale ndi ku Biwi timaona tinyama tagalasi pa kabati, makamaka nkhuku yofungatira mazira. Ana a sukulu amatifunsa kuti anaipanga ndani, ndipo liti. Koma tikaitembenuza, dzina palibe.

Tinyamati sanatiumbe ndi manja. Anathira galasi losungunuka m'chikombole chachitsulo, nalipsinja, ndilo luso linakula ku America m'zaka za m'ma 1820. Ndipo msoko wa chikombolecho uoneka m'mbali. Koma chikombole chikhalitsa koposa mwini wake, pakuti fakitale ikatsekedwa, ena achigula, napanganso nkhuku yomweyo. Indiana Glass yokha inapanga nkhuku zotere zaka zoposa 50, osalembapo dzina. Chifukwa chake wamalonda wakuti "n'chakalekale," nakweza mtengo, tisamvomere msanga.

Ife timayang'ana kunsi, popeza chokhalitsa chimaperepeseka pokhalira pake. Galasi lina lakale, la manganese, lisanduka lachibakuwa pang'ono likakhalitsa padzuwa. Koma mboni yoposa ndiwo agogo. Akati, "Anadza nayo malemu agogo anu pochokera ku Wenela," tidziwa kuti si yadzulo, pakuti ulendowo unaletsedwa mu 1974. Mawuwo tiwalembe pa kapepala, tikaike m'kati mwa nkhukuyo, agogo akali moyo.