Pa Njinga Kuchokera ku Zomba Mpaka ku Kachulu

Njinga imene ndinakwera pa ulendowu ndi yakale, ya bambo anga, yopanda magiya, yokhala ndi keliyala yotakata yomwe kale ankamangapo matumba a chimanga popita kuchigayo. Inakhala zaka zambiri m'khonde itaphwa matayala onse. Ndinaitulutsa nditauzidwa kuchipatala kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndipo kuwonjezera pa mankhwala ndiyenera kuchepetsa mchere ndi kumagwiritsa ntchito thupi. Anandiuza za mphindi 150 pa mlungu zimene bungwe la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu. Kwa miyezi itatu ndinkangozungulira mmawa kwathu ku Matawale, mpaka mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anati: "Amalume, mwazungulira mokwanira. Tiyeni tikaone nyanja."

Kuchokera mumzinda wa Zomba kukafika padoko la Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Tinanyamuka tsiku Lamulungu mu July, kusanache bwino, phiri la Zomba litafunda nkhungu kumbuyo kwathu. Poyamba msewu ndi watala, wodutsa kubwalo la ndege la asilikali. Ukapatuka n'kulowa wafumbi m'pamene umadziwa kuti njinga ili ndi mawu. Sipokosi iliyonse imalira, belu limadziimba lokha, mano amagundana pa timizere ta msewu tokhala ngati malata. Pena pamakhala timiyala, pena mchenga umene umagwira tayala lakutsogolo mwadzidzidzi. Ndinagwa kamodzi, bwinobwino, ana amene ankapita kumjigo akuona. Anayesetsa kudziletsa koma analephera.

Aphunzitsi a msewu ngati uwu ndi akabaza. Iwo sayenda pakati. Amatsata kanjira kosalala ka m'mbali, kotakata ngati chikhatho, kamene matayala a anzawo anakapondaponda. Mnyamata wina atanyamula mayi ndi dengu la tomato anatipitirira akufuula kuti, "Bambo, musalimbane nawo mchengawo! Khalani kumbuyo kwa chishalo, mahandulo muwagwire mofewa." Ndinayesa ndipo zinathandiza. Ukaumitsa manja njinga imakugwetsa. Ukaisiya kuti idzipezere njira imadutsa.

Dziko limatsika pang'onopang'ono, chifukwa nyanjayi ili m'munsi mwa mzinda ndi mamita pafupifupi 300. Miyendo imasangalala, ndipo munthu amaiwala kuti adzakwera chitunda chomwecho pobwerera. Minda ya nandolo ndi chinangwa imayamba kuchepa, mitengo ya mango imatalikirana, kenako dothi lofiira limasanduka lakuda lamakande, long'aluka ming'alu yoti phazi la mwana lingalowe. Apa ndiye kudambo. Ndi dziko la mpunga, wothiriridwa ndi mitsinje monga Likangala ndi Domasi imene imachokera kuphiri la Zomba. Tinapeza ena akuuyanika pamikeka ndi pamasaka m'mbali mwa msewu, nkhuku zikudikira kuti mwini wake atembenuke. Msewu wamakandewu ndi wabwino m'chilimwe chokha. Nthawi ya dzinja matope ake amamatirira kutayala mpaka njinga imakana kuyenda, ndipo mwini wake ndiye amaisenza.

Chimene sindinachiyembekezere ndi kukula kwa thambo. Ife a m'tauni tinazolowera kuona mpanda wa anansi. Kudambo maso amapita mpaka kutopa. Kummwera phiri la Mulanje limaoneka labuluu ngati utsi, kutsogolo chilumba cha Chisi chili njo pakati pa madzi, ndipo kuseri kwake ndi ku Mozambique. Akakowa anali mbuu kutsatira ng'ombe. Tinaona nantchengwa ataima yekha pachithaphwi, ndi atsekwe akuuluka motsika. Mbalame zina za kuno zimachokera kutali kwambiri, ku Ulaya ndi ku Asia, kuthawa chisanu cha kwawo. Kuchuluka kwa mbalamezi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Chilwa inalembedwera mu 1996 pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Inali malo oyamba m'Malawi kulembedwa chotero.

Chilwa ndi yachiwiri kukula pa nyanja za m'dziko muno, koma khalidwe lake n'losiyana ndi nyanja ya Malawi. Mitsinje imathiramo, monga Phalombe, Thondwe, Namadzi ndi ija ndatchula kale, koma palibe mtsinje wotuluka. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake amamveka kamchere. Ndi yosaya, moti bwato limayendetsedwa ndi nsungwi yokankhira pansi. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope asodzi n'kubalalika kukafuna maganyu. Kenako imabwerera. Mvula ya namondwe Freddy mu 2023 inaidzaza mpaka kulowa m'minda ndi m'nyumba za anthu. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde pa Kachulu anandilozera pomwe madzi anafika chaka china ndi pomwe anathawira chaka china, ndipo pakati pa malo awiriwo panali ulendo. Chodandaula chake chinali matope amene mitsinje ikubweretsa kuchokera kumapiri kumene mitengo yatha. Nyanja yosaya kale ikukwiririka, ndipo ine amene ndimagula makala ku Matawale sindinayankhe kanthu.

Doko lenilenilo ndi phokoso ndi fungo la nsomba. Pali matemba oyanika pathandala, makumba, ndi milamba yowamba yakuda bii, imene kwathu sitidya, choncho tinangoiyang'ana. M'kati mwa njedza, udzu wautali umene wazinga nyanjayi, asodzi ena amamanga zimbowera, tinyumba toyandama, n'kumakhala momwemo milungu ingapo osaponda mtunda. Madzi omwewo ndi akumwa, osamba ndi chimbudzi, ndipo n'chifukwa chake kolera amabwerabwera kuno.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Ndinanyamula botolo limodzi lokha la madzi, poganiza kuti July ndi wozizira. Mphepo ya mwera imaumitsa thukuta usanalione, ndiye umaganiza kuti sukutaya madzi. Pofika pa Kachulu botolo linali gwa, mutu ukugunda, ndipo nditatsika panjinga maso anachita mdima. Kwa munthu womwa mankhwala a BP, ena mwa iwo okodzetsa, chimenechi si chinthu chochiseka. Ndinakhala pansi pamthunzi. Nyanja yonse ili patsogolo panga, ndinafuna kungolowamo mpaka m'mawondo ndi kusukusula. Mphwanga anandigwira mkono. "Amalume, ayi. Mwaiwala likodzo?" Ananena zoona. Madzi odekha okhala ndi udzu ndiwo mudzi wa nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo tizilomboto timalowa pakhungu, sitidikira kuti umwe. Anapita yekha kukatunga kumjigo, tinathiramo mankhwala a klorini amene mayi ake anamuikira m'thumba, n'kudikira theka la ola monga amanenera. Theka la ola limenelo linali lalitali kuposa msewu wonse. Nditamwa, n'kudya nthochi ndi mbatata yootcha, dziko linabwerera m'malo mwake.

Tinagula matemba a ndalama zochepa, kuwakulunga m'pepala ndi kuwamanga pakeliyala. Chisi sitinawoloke, dzuwa linali litapendeka kale.

Pobwerera chitunda chija chinatikumbuka. Sichioneka ndi maso, chimamveka m'ntchafu. Mwera unatithandiza pang'ono potikankha kumsana, koma pamalo awiri ndinatsika n'kukankha njinga popanda manyazi. Tisanafike patala, minga inaboola tayala lakumbuyo. Pampu tinali nayo, zigamba tinaiwala. Mwamwayi m'midzi ya kuno simuyenda mtunda wautali osapeza wokonza njinga pansi pa mtengo, ali ndi beseni la madzi akuda ndi machubu akale. Amene tinamupeza anamiza chubu m'madzi, anapeza pobowoka pawiri, ndipo akumata anayang'ana njingayo n'kufunsa ngati ndingaigulitse. Ndinakana.

Tinalowa m'Matawale magetsi atayaka, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mayi a kunyumba anayang'ana ine, anayang'ana matemba, n'kunena kuti omwewo amapezeka pamsika wa Zomba. Mmawa mwake ndinapita kukagula botolo lachiwiri ndi zigamba.