Mfuti imodzi, ntchito ziwiri

Kuno ku Indiana, munthu akafuna kugula revolver amakumana ndi funso limodzi asanafike n'komwe pa mtengo: ukufuna yosakira kapena yoyenda nayo? Ambiri timayankha kuti zonse ziwiri, chifukwa ndalama ndi imodzi ndipo mtima umafuna kugula kamodzi basi. Nanenso ndinayankha choncho. Zinanditengera miyezi itatu ndikuwerenga, kufunsa komanso kubwereka mfuti kumalo ophunzirira kuwombera kuti ndione ngati mfuti yotereyi ilipodi.

Kwa amene simunaigwirepo, revolver ndi kamfuti kam'manja kamene mumakaona m'mafilimu a makauboyi. Kali ndi silinda yozungulira yokhala ndi mabowo 5 kapena 6, nthawi zina kuposerapo, bowo lililonse chipolopolo chake. Ukakhethemula, silinda ija imazungulira n'kubweretsa chipolopolo china kutsogolo kwa mpope. Anthu amaikonda chifukwa ilibe zambiri. Chipolopolo chikakana kulira, umangokhethemulanso n'kupita pa chotsatira.

Kumudzi ndinakula ndikudziwa mfuti za mitundu iwiri yokha: ya wapolisi, ndi gogodela ya agogo ena a m'mudzi mwathu imene ankathira onga kukamwa akamapita kothamangitsa nguluwe m'dimba. Kuno nkhani ndi ina. Munthu wa green card ngati ine amaloledwa kugula mfuti m'sitolo akadzaza Form 4473 ndipo a FBI akaona kuti alibe mlandu. Ya m'manja imafuna zaka 21. Komanso kuyambira pa 1 July 2022, Indiana inachotsa lamulo lofuna chiphaso choyendera ndi mfuti yam'manja. Ndiye khomo ndi lotsegula, chotsala ndi mutu wako.

Za ulenje ndinazilowa kudzera mwa mnzanga wa kuntchito amene makolo ake ali ndi munda wa chimanga kummwera kwa South Bend. Mbawala zakuno, zimene eni ake amati white-tailed deer, zimadya mbewu ngati mmene nguluwe zimachitira kwathu, ndipo chaka ndi chaka pakati pa November boma limatsegula masiku 16 osaka ndi mfuti. Mbawala imodzi yaikulu imadzaza firiji. Kwa banja lotumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse, nyama imeneyo si yamasewera.

Koma boma siliyang'ana firiji yako yokha, limaganizanso za mbawalayo. Pamene ndinkafufuza, lamulo la Indiana linali lakuti mfuti yam'manja yosakira mbawala ikhale ndi mpope wosachepera mainchi 4, ndipo chikhungwa cha chipolopolo chisachepere mainchi 1.16. Chipolopolo chotchuka cha .38 Special chimaperewera ndi kadontho chabe, choncho n'choletsedwa. Cha .357 Magnum, chimene chinatuluka mu 1935, chikhungwa chake ndi mainchi 1.29, ndiye chimadutsa. Chifukwa chake n'chomveka. Chipolopolo chofooka chimavulaza osapha. Mbawala yolasidwa pamimba imathawa, n'kukafera m'chigwa mawa lake, nyama n'kuwonongeka, ululu wonse uja wopanda pake. Mpope wautali umapatsa onga mpata wopsa mokwanira, chipolopolo chimatuluka ndi liwiro, ndipo diso limachalira bwino. Kulemera kwa mfuti nako kumathandiza, chifukwa chitsulo chimameza kukankha kwake m'malo moti zonse zithere pa dzanja lako.

Tsopano tembenuzani nkhaniyo. Mfuti yoyenda nayo tsiku ndi tsiku imafunika zosiyana ndi zonsezi. Ikhale yaifupi, yopepuka, yosatumba pansi pa malaya. Smith & Wesson 642, imene anthu ambiri kuno amaika m'thumba, ili ndi mpope wosakwana mainchi 2, zipolopolo 5 za .38 Special, ndipo siikwana theka la kilogalamu. Ruger GP100 ya mpope wa mainchi 4.2 imapitirira kilogalamu imodzi isanalowe chipolopolo. Tangoganizani paketi ya shuga, koma yachitsulo, itamangidwa m'chiuno kuyambira m'mawa mpaka usiku, ukukhala nayo m'galimoto, ukuwerama nayo kunyamula mwana.

Zonse ziwirizi ndinaziwombapo. Kakang'onoko kamaluma dzanja ngati wamenya mwala ndi nyundo, ndipo pa mtunda wa mayadi 25 zipolopolo zanga zinkamwazikana papepala ngati nthochi zagwa m'dengu. Yaikuluyo, ndikayamba ndakoka nyundo yake ndi chala chachikulu, imalira ndi kukhudza pang'ono, ndipo zipolopolo zinkagwera malo aakulu ngati mbale ya ndiwo. Mapapo ndi mtima wa mbawala ndi malo aakulu ngati mbale yomweyo. Apo ndinayamba kumva zimene akuluakulu ankatanthauza ponena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Zilipo mfuti zapakatikati, monga Ruger SP101, koma yapakatikati imakhala yolemererako m'chiuno n'kukhalanso yovutirapo kutchire.

Wogulitsa wina anandionetsa .44 Magnum, Model 29 ija ya Clint Eastwood mu filimu ya Dirty Harry ya 1971. Yokongola zedi, aise. Kwa mbawala ili ndi mphamvu yoposa .357. Koma itandikankha katatu, ndinaona maso anga akuyamba kutsinzina ndisanakhethemule, ndipo mlenje wotsinzina ndi amene amalasa pamimba uja. Ubwino wa .357 ndi wakuti imalandiranso zipolopolo za .38 Special, zotsika mtengo komanso zofatsa, ndiye umaphunzira ndi zofatsazo n'kusunga zaukali za November. Kubweza n'kosatheka: za .357 sizilowa m'mfuti ya .38, anazitalikitsa dala kuti munthu asaphulitse mfuti yofooka m'manja mwake.

Mbali yosaka inali itatha pamenepo. Imene inandisowetsa tulo ndi inayo, yoyenda nayo. Ndimagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndimaweruka kunja kusanache, ndipo ndimaima pothira mafuta ndekhandekha. Mantha amene amagulitsa timfuti ta m'thumba ndimawadziwa, ndipo sindiseka aliyense wokhala nawo.

Amene anadula nkhaniyi ndi mayi a kunyumba. Sananene kuti ayi. Anangofunsa uku akupinda zovala: "Kodi bambo, kuntchito kwanu salola mfuti eti? Ndiye mukalowa muziisiya pati?" Ndinati m'galimoto, yokiya. "Usiku wonse, pabwalo? Nanga mukafika kuno mutatopa, mwana akuthamangirani pakhomo, imakhala ili pati?" Mafunso awiri okha, koma anandionetsa tsiku langa lonse: mfuti yochoka m'chiuno kupita m'galimoto, kuchoka m'galimoto kubwerera m'chiuno, kenako m'bokosi, kangapo patsiku, masiku onse a chaka, ndi manja a munthu amene sanagone. Mbava zimathyola magalimoto kufunafuna zomwezo. Ndipo revolver ilibe kabatani kotsekera monga mfuti zina, chimene chimaiteteza ndi kulimba kwa chokhethemulira basi. Kamwana kokakamira ndi zala ziwiri kakhoza kuiliza.

Palinso nkhani imene munthu wakuda sangailumphe. Pa 6 July 2016, ku Falcon Heights m'chigawo cha Minnesota, wapolisi anaimitsa galimoto ya Philando Castile. Castile anali ndi chiphaso choyendera ndi mfuti, ndipo anauza wapolisiyo yekha kuti ali nayo. Patangopita masekondi ochepa anawomberedwa n'kufa, chibwenzi chake ndi mwana wa zaka 4 ali m'galimoto momwemo. Khoti linamasula wapolisiyo mu 2017. Lamulo linali kumbali ya Castile, koma lamulo silinali pawindo paja. Ine, ndi Chingerezi changa chimene anthu amandifunsa kawiri kuti ndati chiyani, sindikufuna kukafotokoza za mfuti usiku nyale za buluu zikuthwanima kumbuyo kwanga.

Chiwerengero china n'chakuti mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka anadzipha okha. Ife a kunja timadziwa mmene January wakuno amakhalira: mdima 5 koloko madzulo, ngongole, uthenga wa maliro pa WhatsApp woti sungapiteko. Timakonda kunena kuti ndife olimba. Komabe mfuti imene ili m'bokosi lokiya, zipolopolo zili kwina, imapatsa munthu mphindi zingapo zoti aganizenso. Ya m'chiuno siipereka mphindi zimenezo.

Ndinagula GP100 ya mainchi 4.2, yosachita dzimbiri. Ndinagulanso bokosi lachitsulo lokhomera pansi, ndipo ndinayamba ndalikhoma mfuti isanafike. Imatuluka kawiri pamwezi popita kophunzira, ndi mu November, nditavala chipewa cha olenji chimene lamulo limafuna kuti alenje anzako akuone. Malire anga ndi mayadi 40. Ikapitirira apo, mbawala ndimangoiyang'ana. Chaka chatha ndinaona zinayi, n'kuwombera imodzi, inayenda pang'ono n'kugwa. Tinadya mpaka March, ina tinagawirako Amalawi anzathu a kutchalitchi.

Anzanga ena amayenda nako kamfuti kakang'onoko, ndipo ena mwa iwo ndi anthu odekha kundiposa, amene amaphunzira mwezi ndi mwezi. Akandifunsa ndimawauza zomwe ndalemba panozi: usayambe ndi kabuku ka mitengo, yamba walemba tsiku lako ola ndi ola, n'kuona pamene mfutiyo izikhala pa ola lililonse, ndiponso amene ali pafupi nayo. Ola limodzi likasowa yankho, usagule kaye. Pothira mafuta paja, masiku ano ndimathira masana ndisanapite kuntchito.