Chizungu cha pa Mwanza, kale ndi lero

Inu amene munayamba sukulu Kamuzu akadali pampando, mukukumbukira mmene mtima unkagundira mphunzitsi akakuloza ndi choko kuti uimirire uyankhe m'Chizungu? Kusukulu kwathu kunali kachigoba ka nkhono komangidwa paluzi. Ukangolankhula Chichewa pabwalo, mnzako ankakuveka m'khosi, ndipo amene belu loweruka lam'peza nako ankatsala kutchetcha udzu. Kachigobako sikanatiphunzitse Chizungu ayi, kanatiphunzitsa kukhala chete. Ana olongolola, amene kudambo ankakamba nthano mpaka mbuzi kulowa m'munda wa eni, ankangoti duu tsiku lonse, maso pansi, chala chakuphazi chikukumba fumbi.

Lero imani pasiteji ya minibasi pa boma masana ana akaweruka. Chizungu chikuuluka ngati ngumbi mvula itakata. Uyu wachitola m'mafilimu a ku Nigeria, uyo kwa oimba a ku America pa TikTok, winayo kwa amalume ake obwera ku Johannesburg pa Khirisimasi. Ana inu, ena mwa inu mumapinda lilime mpaka mawu kutulukira m'mphuno, koma tikupatseni pepala kuti mulembe kalata yofunsira ntchito, thukuta kamukamu. Komabe ndimakusirirani chinthu chimodzi: simuopa kutsegula pakamwa.

Ife tinkadziwa Chizungu chimodzi chokha choyenera. Ndi chija chinkamveka pawailesi ya mabatire oanika padzuwa, bambo akusakasaka BBC pakati pa phokoso. Ndi chijanso cha Kamuzu pamsonkhano, iye akulankhula Chingerezi, a John Msonthi akumasulira. Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, koma makiyi a ntchito anatsalabe m'Chingerezi: ukachilephera pamayeso a JC kapena MSCE, satifiketi panalibe ngakhale masamu uwakhoze chotani. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 ndi aphunzitsi ochokera kunja, tinkamva ngati kumeneko n'kumene kuli Chizungu chenicheni, chathuchi n'chobwereka. Ndikamati kale tinkalemba bwino sindinama, galamala tinkaidziwa. Koma tinalipo angati? Pulayimale inali yolipira mpaka 1994, ndipo anzathu ambiri anatsalira kumudzi. Amene ndimawakumbukira akulemba bwinowo ndi ufa wosefedwa kale. Madeya ake sindiwawerenga.

Amene anandichotsa manyazi si mphunzitsi. Ndi azakhali anga, amene ankagulitsa manachesi pafupi ndi chipata cha m'malire nyengo yozizira. Fungo la malowo silinandichoke: makoko a manachesi opondedwa, utsi wa dizilo, chimanga chootcha, ndi kamphepo ka June kolowa m'malaya. Mathiraki ochokera ku Zimbabwe kudzera ku Nyamapanda ndi Tete ankaima mzere wautali, madalaivala atatopa, maso ali psuu. Azakhali analekera sitandade 3, koma dengu lili pamutu ankasakaniza Chizungu, Chishona ndi Chipwitikizi cha ku Zóbuè mpaka malonda atheke. Tsiku lina anandikankha kumsana kuti ndiyandikire dalaivala wina wa ku South Africa. "Mwanawe, sukulu umapitiranji? Lankhula naye, manachesi akuwola awa." Ndinalankhula mawu akunjenjemera. Bamboyo anayankha, ndipo Chizungu chake chinali cholemera, chosafanana m'pang'ono pomwe ndi cha pawailesi. Tinamvana, anagula dengu lonse. Wotsatira anali wa ku Zimbabwe, nayenso ndi kamvekedwe kakwawo, ndipo palibe anapepesa chifukwa cha lilime lake.

Ndikanakonda kunena kuti kachigoba kaja kanatayidwa. Sikanatayidwe, kanangolowa m'foni. Mfumu, mbusa kapena phungu akasokoneza "l" ndi "r" pagulu, wina wajambula kale, ndipo dzuwa lisanalowe anthu akuseka pa WhatsApp. Chonsecho m'Chichewa zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake khutu lathu silizisiyanitsa msanga. Umenewu si umbuli. Malamulo a dziko amafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndiye tikamaseka kamvekedwe kake timaiwala kumva ngati wanena zanzeru za mlatho kapena mankhwala kuchipatala. Kalekale tinkasekana tili khumi pansi pa mtengo, mawa zaiwalika. Lero chitonzo chimasungidwa.

Palinso manyazi atsopano amene amandiwawa kwambiri. Makolo akuyesetsa kulipira sukulu zamkaka kuti mwana ayambe Chizungu msanga, ndipo sindiwadzudzula, akudziwa kumene ntchito ili. Koma ndamvapo mayi akunyadira kuti wake sadziwa Chichewa. Mwanayo akafika kwa agogo ake ku Thambani kapena ku Kunenekude amangoti duu, maso pansi, monga tinkachitira ife pamaso pa mphunzitsi.

Aphunzitsi, makolo, ndi inu achinyamata a mafoni: mwana akayamba chiganizo cha Chizungu n'kupunthwa, musaseke. M'lekeni amalize, mum'yankhe zimene wafunsa, kenako mum'konze mofatsa. Ndipo akamapita kumudzi, muyambe mwam'phunzitsa kugwada n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, agogo?"