Ngongole ndinabweza, koma dzina langa linatsalira m'kompyuta

Anzanga a kudoko, ndabweranso. Lero si za mapulagi kapena kabuleta ayi, koma werengani mpaka kumapeto, makamaka inu amene munatengapo ngongole ku mabungwe obwereketsa ndalama aja.

Mu 2023 ndinatenga K350,000 ku bungwe lina kuti ndigule masipanala ndi masipeya a ma Yamaha 15 amene adzaza doko lathuli. Bambo anga ndi amene anasaina kuti ndikalephera ine adzabweza ndi iwo. Miyezi yoyamba zinkayenda. Kenako mwera unabwera, maboti ali pamtunda, usipa kulibe. Eni injini ankangoti, "Konza kaye mphwanga, tikapha tikuona." Mu Novembala kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti, masipeya kukwera mtengo. Ndinadumpha miyezi inayi osapereka.

Bungwe lija linapereka nkhani yanga kwa anthu otolera ngongole. Foni m'mawa, foni usiku. Tsiku lina anafika pakhomo bambo akusoka ukonde, alovi ali pomwepo akumva zonse. Bambo sanandikalipire, anangondiyang'ana basi. Ndinagulitsa njinga, ndinakongolanso kwa amalume, mu Malichi 2024 ndinamaliza zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja. Ndinalipira pa foni kwa ejenti wa pamsika. Mumtima ndinati yatha imeneyo.

Patatha chaka, munthu wina ku Monkey Bay ankagulitsa injini ya 40 yakale koma yabwino. Ndinaitsegula ndekha, mapisitoni ali bwinobwino. Ndinaganiza zoigula kuti ndiziibwereketsa kwa asodzi, ndisamangodalira za manja. Ndinapita kubanki ku Mangochi boma ndi mapepala onse. Mayi wa pa desiki anatayipa nambala ya chitupa changa cha unzika, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Achimwene, ku CRB mukuoneka kuti muli ndi ngongole yosabweza."

Ine CRB ndinali ndisanaimvepo. Ndi maofesi osunga mbiri ya ngongole za anthu. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo amene amawapatsa chilolezo ndi Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa amatumizako mayina: watenga zingati, akubweza bwanji, anadumpha liti. Iwo sabwereketsa ndalama, sakanizanso munthu ngongole. Amangosunga zimene atumiziridwa, ndiye banki ikaona imaganiza yokha. Wotumiza akalakwitsa kapena akaiwala kunena kuti unamaliza, kompyuta imangonenabe zakale.

Ndi zimene zinandichitikira ine. Otolera aja ndalama analandira, koma uthenga woti ndamaliza sunafike kumene unayenera kufika.

Vuto linali umboni. Foni imene inali ndi mameseji a malipiro inagwera m'nyanja ndikumanga injini, nonse mukudziwa mmene mafoni athu amathera. Chimene chinandipulumutsa ndi kabuku ka ejenti uja. Mtsikana ameneyo amalemba chilichonse, tsiku, ndalama, nambala ya malipiro. Tinakhala pansi kuseri kwa kauntala yake tikuvundukula mabuku akale mpaka tinapeza malipiro onse atatu. Ndinajambula masamba amenewo.

Ndinapempha lipoti langa ku CRB kuti ndione ndi maso anga. Munthu uli ndi ufulu woona zimene zalembedwa pa dzina lako, komanso wotsutsa zikakhala zolakwika. Kenako ndinapita ku bungwe limene linandibwereketsa, osati kwa otolera ayi, chifukwa amene anatumiza dzina ndi amene ayenera kulikonza. Maulendo atatu, thiransipoti yanga, ntchito itaima kudoko. Ulendo woyamba anati bwana kulibe. Wachiwiri anati netiweki. Wachitatu ndinapita ndi kalata yolemba pamanja, makope awiri, ndinati mudinde pa yangayi kuti mwalandira. Ndinanenanso mwaulemu kuti zikapanda kutheka ndikadandaula ku Reserve Bank, poti ndi amene amawayang'anira. Sabata yomweyo kalata yoti ndinamaliza ngongole inatuluka. Ndinatumiza kope lake ku CRB pamodzi ndi dandaulo langa.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, inenso ndinasokonezeka. Ndinkayesa akakonza ndiye kuti tsamba liyera ngati sindinakongolepo. Ayi. Anachotsa bodza loti ndili ndi ngongole, n'kulemba kuti inabwezedwa. Koma miyezi inayi ndinadumpha ija ikuonekabe, chifukwa imeneyo ndi yoona. Chimene ungatsutse ndi cholakwika: ndalama zimene sunatenge, ngongole imene unamaliza, dzina la munthu wina limene lamatidwa pa iwe. Ndiye akabwera wina n'kunena kuti mupatse K20,000 akufufutireni dzina m'kompyuta, ameneyo akufuna ya ndiwo basi.

Komabe kusiyana kulipo. Mayi wa kubanki uja ataona lipoti latsopano anati munthu amene anachedwa koma anamaliza amamuona mosiyana ndi amene anathawa. Anandiuza kuti ndalama za ntchito ndizidutsitsa mu akaunti miyezi ingapo kuti aone mmene ndimapezera, kenako ndidzayesenso.

Chimene chinandiwawa kwambiri si injini, ngakhale inagulidwa ndi munthu wa ku Makanjira ine ndili pa maulendo aja. Ndi bambo. Iwo anasainira ngongole ija, ndiye ndinkaopa kuti dzina lawonso ladetsedwa iwo osadziwa kanthu. Ndinawatenga pa minibasi kuti akaonetse lawo. Njira yonse sanayankhule. Titamva kuti palibe chimene akufunidwa, anangoti, "Kalata ija uiike m'pepala la pulasitiki, usaiike m'thumba la ovolosi."

Ili m'chitini cha amayi, pamodzi ndi makadi a sikelo a ana. Amene mukufuna kuona mmene ndinalembera kalata ya dandaulo, mundipeze pa shedi madzulo, maboti akanyamuka.