Mwana si wamkulu wochepa thupi: mankhwala a multiple sclerosis

Mu 1993 dziko la America linavomereza interferon beta, mankhwala oyamba ochepetsa ukali wa multiple sclerosis, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira chokutira mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana. Koma anali atawayesa pa akuluakulu okha. Mwana wa zaka 12 akayamba kuona mwachimbuuzi kapena miyendo kuchita dzanzi, dokotala ankangotenga mankhwala a wamkulu n'kupereka mongoyerekeza mlingo wake. Zinayenda choncho zaka 25. Kwa ine, kumeneko ndiye kunali kuyesera mankhwala pa ana, kungoti panalibe wowerengera zotsatira.

Zinthu zinatembenuka malamulo atakakamiza makampani, ku America mu 2003 ndi ku Ulaya mu 2007, kuti mankhwala atsopano aziwayesanso pa ana. Kafukufuku wa PARADIGMS, wotsogoleredwa ndi Tanuja Chitnis wa ku Boston, anatenga ana 215 a zaka 10 mpaka 17. Ena ankamwa kapisozi wa fingolimod tsiku lililonse, ena ankabayidwa jakisoni wa interferon kamodzi pa sabata. Zotsatira zitatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti mwa omwa kapisozi, kuyambiranso kwa nthendayi kunachepa ndi 82 peresenti. Chaka chomwecho America inaloleza fingolimod kwa ana. Ndiye kuti jakisoni amene madokotala anamuzolowera uja anali wofooka kwa ana, amene nthendayi imawabwerera pafupipafupi kuposa akuluakulu.

Ena amati mwana sangavomere yekha zoopsa za kafukufuku wotere, ndipo sakunama: ana 6 omwa fingolimod anakomoka ngati akhunyu, pomwe mwa obayidwa anali mmodzi. Komatu chiwerengero chimenechi tikuchidziwa chifukwa cha kafukufukuyo. Pakanapanda iye ana akanakomokabe, aliyense kwawo, dokotala osadziwa choti achenjeze makolo.

Pamene otsutsa ali ndi mfundo yolimba ndi pa mankhwala onamizira. Mu TERIKIDS, kafukufuku wa teriflunomide pa ana 166, ena ankamwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo ena mwa iwo anawachotsamo msanga makina a MRI ataonetsa zipsera zatsopano mu ubongo. Zotsatira zinasokonekera, Ulaya inavomereza mankhwalawo kwa ana mu 2021, America inakana. Popeza tsopano mankhwala otsimikizika alipo, atsopano aziwayerekeza ndi amenewo, ndipo mwana wodwala asapatsidwenso piritsi lopanda kanthu.