Mphaka wa Agogo ndi Nthawi Yopanda Wotchi

Kumunsi kwa phiri la Ntchisi, kumene nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kunali agogo ena amasiye amene ankakhala ndi mphaka wawo wamawangamawanga. Amuna awo akali moyo, ankaweruka kudimba dzuwa litapendeka, khasu lili paphewa, ndipo akakhala pakhonde ankaponyera mphakayo mitu ya usipa. Mkuluyo atatsikira kuli chete, mphaka sanaleke mwambo wake. Tsiku ndi tsiku, mthunzi wa nkhokwe ukafika pamtondo, ankatsika pamsanja n'kukakhala panjira ya kudimba, maso ali kutsidya.

Poyamba anthu ankangoseka. Koma patapita milungu, manong'onong'o anayamba kuchitsime. "Kanyama kameneka kakudziwa bwanji nthawi kopanda wotchi? Alipo amene akukatuma." Mawu otere m'mudzi ndi moto wa m'udzu. Okalamba ambiri m'Malawi muno atenthedwerapo nyumba, ena kuthamangitsidwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha nkhani zimene zinayamba chonchi, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Nchifukwa chake funso lakuti kaya mphaka amadziwa nthawi liyenera kuyankhidwa mofatsa, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, adzukulu akumbukire kuti makolo a ku Dowa ndi Ntchisi ankasunga nthawi wotchi isanafike. Wapaulendo ankadzuka tambala woyamba akalira. Nthanda ikatuluka, amayi ankadziwa kuti m'bandakucha wayandikira. Dzuwa likafika paliwombo, olima ankafuna mthunzi, ndipo nkhuku zikayamba kulowa m'khola, ana ankaitanidwa kuti chisisira chagwa. Nthawi yowerenga ndi manambala inafala ndi belu la amishoni, amene anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894. Palibe amene anatchulapo tambala kuti ndi wamatsenga chifukwa cholira pa nthawi yake. Zimene tambala amachita poyera, mphaka amachita mwakachetechete, ndipo kachetechete wakeyo ndiye amamupalira milandu.

Mphaka ali ndi wotchi ya m'thupi, monga alili munthu, mbuzi ndi nkhuku. Mu ubongo muli kachigawo kakang'ono kamene kamalandira uthenga wa kuwala kuchokera m'maso, n'kumayendetsa tulo, njala ndi kutentha kwa thupi pa mkombero wa maola pafupifupi 24. Akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza mmene wotchi yotereyi imagwirira ntchito, ndipo anaiphunzira pa tintchentche ta pazipatso. Wotchi ya mphaka imamudzutsa makamaka m'bandakucha ndi m'chisisira, chifukwa ndi pamene makoswe ndi mbewa zimayenda. Khalidweli analitengera kwa kholo lake, vumbwe wa kutchire, amene anayamba kuyandikira nkhokwe za anthu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo kumayiko a ku Middle East. Ndipo nyama ikamapatsidwa chakudya pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, thupi lake limayamba kukonzeka nthawiyo isanakwane. Mitu ya usipa ya mkulu uja inalemba ola lake m'mimba mwa mphaka.

Kuwonjezera apo, mphaka amawerenga zizindikiro za pakhomo. Amamva kugunda kwa munsi mumtondo, kulira kwa ng'ombe zobwera kudambo, fungo la utsi wa moto wa madzulo ndi phokoso la ana oweruka kusukulu. Chimodzi chikachitika, amadziwa chimene chimatsatira. Kuno kwathu dzuwa limamuthandizanso, popeza kusiyana kwa usana wautali wa mu Disembala ndi usana waufupi wa mu Juni ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka basi. Ngakhale diso lake limatsatira dzuwa. Masana mboni yake imaonda ngati ulusi, madzulo imakula n'kukhala yozungulira. Wansembe wa ku France, Évariste Huc, analemba m'zaka za m'ma 1850 kuti ku China anaona anthu akuyang'ana m'maso mwa mphaka pofuna kudziwa ngati dzuwa lafika paliwombo.

Ofufuza ayesanso kuona ngati mphaka amasiyanitsa nthawi yaifupi ndi yaitali. Mu 1976, Rosenkilde ndi Divac anaphunzitsa amphaka kusiyanitsa kudikira kwa masekondi 5 ndi kwa masekondi 20, ndipo amphakawo anakhoza. Mu 2017, ofufuza a ku Sweden anasiya amphaka okha m'nyumba kwa mphindi 30, tsiku lina kwa maola 4. Eni ake atabwera patapita maola 4, amphakawo anadziwongola kwambiri ndi kulira kulira kwawo kwa pakhosi kuposa pamene anasiyidwa kwa mphindi 30. Izi zikusonyeza kuti kutalika kwa nthawi kumawakhudza.

Koma nzeru ya mphaka ili ndi malire ake. Iye sadziwa Lachisanu, sadziwa tsiku la msika wa pa Mponela, sawerenga miyezi yotsala kuti banja limange chiliza. Mphaka wa agogo aja sankadziwa kuti mbuye wake ali kumanda. Chimene ankadziwa n'chakuti mthunzi ukafika pamtondo, njala imabwera, ndipo njira ya kudimba ndiyo inkabweretsa munthu wa usipa.

Amene anazimitsa moto wa manong'onong'o anali mdzukulu wa agogowo, mtsikana wa Fomu 3 amene anabwera kutchuthi. Sanakangane ndi munthu. Anangopita kwa azakhali ake ndi kwa amayi a nyumba zoyandikana nati, "Amayi, ndikupempheni muzionerera kwa milungu iwiri." Kuyambira tsikulo ankapatsa mphaka chakudya m'mawa, pakhomo la khitchini, agogo akamasonkha moto, ndipo madzulo sankamupatsa kanthu. Masiku oyamba mphaka ankapitabe panjira ya kudimba. Sabata yachiwiri isanathe, anayamba kufika pakhomo la khitchini moto usanayake, ndipo zapanjira zija zinayamba kuchepa. Amayi aja anaona ndi maso awo kuti wotuma mphakayo anali mbale ya chakudya. Mmodzi wa iwo anati, "Ndithu, safunsa anadya phula."

Agogo anathokoza mdzukulu wawo, koma tchuthi chitatha anachita zosiyana ndi zimene iye anakonza. Anayambanso kusunga mitu ya usipa m'kambale, ndipo mthunzi wa nkhokwe ukafika pamtondo ankatenga mpando wa malemu, n'kukhala pakhonde moyang'ana kudimba. Sipanapite masiku ambiri, mphaka anabwerera pa ola lake lakale. Mdzukulu uja atafunsa pa foni chifukwa chake, agogo anayankha kuti, "Mwana wa mwana wanga, nthawi imeneyo inenso ndimaisunga. Ndi bwino tizidikira awiri."

Lero odutsa panjirapo akaona mphaka pa ola limenelo amangopereka moni, "Mwaswera bwanji, agogo?" Ena amafulumiza mapazi, podziwa kuti nthawi yotsekera mbuzi yakwana.