Mafoni awiri, batire ndi waya

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi zokuzira mawu, koma pali kantchito kena kamene anthu amandiitanira kwawo: kulumikiza mafoni awiri a patebulo kuti azilankhulana okhaokha, popanda kampani ya lamya, zimene timazitcha intakomu. Ofuna zimenezi kawirikawiri ndi eni golosale amene nyumba yawo ili kuseri, a chigayo, eni malo ogona alendo, ndi mabanja amene geti lili kutali ndi khonde. Amakhala atatopa ndi kukuwa kapena kutuma mwana, ndiponso safuna kuthera mayunitsi pongofunsa ngati ndiwo zapsa.

Mafoni ake savuta kupeza. Chibwerereni mafoni a m'manja m'zaka za m'ma 1990, a patebulo ambiri anaponyedwa m'makabati ndi m'sitolo za m'maofesi, chikhalirecho ali abwinobwino. Ine ndimasankha a chingwe, osati aja opanda chingwe amene amadalira magetsi a pakhoma, chifukwa magetsi akathima nawonso amathima.

Kasitomala akandifunsa kuti, "Achimwene, foni yopanda nambala ilankhula bwanji?" ndimamuuza kuti luso lonse la mawu lili kale m'fonimo. Kampani inkangochita zinthu zitatu: kutumiza magetsi pa waya, kuliza belu, ndi kukulumikizani ndi nambala imene mwayimba. Mafoni akakhala awiri okha, za nambalazo zimagwa, chifukwa woyimbiridwa ndi mmodzi yemweyo. Zotsala ndi magetsi ndi belu.

Za magetsi ndi zophweka. Kampani inkatumiza mavoti 48, koma foni ikanyamulidwa imangofuna mavoti ochepa ndi mamiliampu pafupifupi 20. Pa kapulagi ka foni, ka RJ11, ndimagwiritsa ntchito mawaya awiri apakati okha. Pa zingwe zambiri amakhala wofiira ndi wobiriwira. Wobiriwira wa foni iyi ndimaulumikiza ndi wobiriwira wa inayo. Wofiira ndimaudula pakati, n'kuikapo batire ndi rezisita ya ma ohm 300, motsatizana. Magetsi amachoka pa batire, kudutsa m'foni yoyamba, kupita ku yachiwiri, n'kubwerera. Munthu akalankhula, maikolofoni imachititsa kuti magetsiwo azikwera ndi kutsika motsatira mawu ake, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneku ndi kumene winayo amamva kukhutu. Rezisita ija imaletsa kuti magetsi asachuluke n'kuotcha zamkati.

Mafoni akale ozunguza ndi chala amakhutira ndi batire la mavoti 9. A mabatani ali ndi tizipangizo tofuna mphamvu yokwerako, choncho ndimawapatsa mabatire awiri a mavoti 9 olumikizana, kapena batire la mavoti 12 ndi rezisita yocheperako. Tchaja ya foni sindiilola, chifukwa mavoti ake ndi 5 okha ndipo zotchipazi zimalowetsa phokoso m'makutu. Ubwino wa kalumikizidwe kameneka ndi wakuti magetsi amayenda pokhapokha mafoni onse awiri atanyamulidwa. Imodzi ikakhala pamalo pake, njira yaduka, batire likupuma. N'chifukwa chake limakhalitsa.

Ndisanakoke waya wautali ndimayesera pa benchi. Ndimanyamula mafoni onse awiri, n'kuuzira mpweya polankhulira. Ndikamva mpweya wangawo m'khutu, ndiye kuti foni ili moyo, chifukwa foni inapangidwa kuti wolankhula azidzimva pang'ono. Pa mafoni akale mawu nthawi zina amamveka ngati akuchokera m'chitsime. Pamenepo ndimapotokola chivundikiro cha kukamwa, n'kutulutsa kachitsulo kobulungira kamene kali m'katimo. M'kati mwake muli timibulu ta makala, luso limene Thomas Edison ndi anzake anabweretsa patangopita nthawi yochepa Alexander Graham Bell atalembetsa lamya yake mu 1876. Timibuluti tikakhalitsa timagwirana. Ndimakagogoda pachikhatho, kupukuta dzimbiri pa tizitsulo togundana nako, n'kubwezeretsa, ndipo mawu amabwerera.

Pamene pagona luso ndi pa belu. Belu la foni silingalire ndi batire, chifukwa linapangidwira magetsi osinthasintha a mavoti 75 mpaka 90, ogwedeza ka 20 kapena ka 25 pa sekondi. Amisiri ena amapanga kachipangizo kotulutsa magetsi amenewo, koma m'nyumba ya ana ine sindiika zotero. Belu la m'foni ndimalisiya, ndimaika buzzer ndi kabatani mbali iliyonse. Mukadina kabatani ka kugeti, kunyumba kumalira. A kunyumba akadina kawo, kumalira kugeti. Zimenezi zimafuna mawaya owonjezera, n'chifukwa chake ndimagula chingwe cha makompyuta cha Cat5. Chili ndi mawaya asanu ndi atatu opotana awiriawiri. Awiri opotana ndimawapatsa mawu, enawo ndi a buzzer. Kupotanako sikokongoletsa ayi: kumachepetsa phokoso limene waya amatola m'njira.

Ndikaitanidwanso kuti intakomu yafa, foni kawirikawiri imakhala ilibe mlandu. Wolakwa ndi waya. Makoswe amautafuna kudenga, khasu limaudula m'dimba, ndipo pamene wina anangopotokola mawaya n'kukulungapo pulasitiki pamalowa madzi mvula ikayamba. Mfundo iliyonse ndimaiwotcherera ndi mtovu, ndipo waya wapanja ndimaulowetsa m'paipi n'kuukwirira. Sindiuyendetsa pambali pa waya wa magetsi a mavoti 230, chifukwa umatola kulira kwa mmmm kosalekeza. Sindiupachikanso m'mitengo, poopa mphezi, ndipo ndimauza eni ake kuti kukamachita ziphaliwali asagwire foni. Ngati m'nyumbamo mudakali waya wa kampani ya lamya, intakomu isakhudzane nawo ngakhale pang'ono.

Ndikamaliza ndimaonetsa mwini nyumba pamene pali batire ndi mmene angalisinthire yekha. Ndimamuuzanso lamulo limodzi la pakhomopo: aliyense akatha kulankhula azibwezera foni pamalo pake. Mafoni onse awiri akagona osabwezeredwa, batire laling'ono lija limatha msanga, ndipo wa kugeti adzayambanso kukuwa.